Phunziro: Nsomba za m'Galasi ndi Matanthwe Amoyo

M'maiko a ku Ulaya ndi ku Amereka muli anthu ambiri amene amaweta tinsomba tokongola m'mabokosi a galasi, osati kuti adye ai, koma kuti maso akondwere. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe lidalemba mu 2003 kuti nsomba za m'nyanja ya mchere zogulitsidwa motere zinali pakati pa 20 ndi 24 miliyoni pa chaka, ndipo zambiri zinkachokera ku Philippines ndi ku Indonesia. Tsono nkofunika kudziwa m'mene zimagwidwira, pakuti kagwiridwe kena kamapha mudzi wa nsombazo.

1. Korali nchiyani?

Mudzi umenewu ndi matanthwe a korali. Poyang'ana amaoneka ngati miyala, koma ali ndi moyo. Amamangidwa ndi tinyama tating'onoting'ono, tofewa, tokhala pamodzi miyandamiyanda; kalikonse kamadzimangira kanyumba ka laimu, ndipo tikafa, tina timamanga pamwamba pake. M'thupi mwa tinyamati mumakhala ndere yosaoneka ndi maso, imene imapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, niitidyetsa. Ntchito yomangayi njochedwa zedi: korali wobulungira amakula sentimita imodzi yokha kapena ziwiri pa chaka. Matanthwewa sakwana ndi gawo limodzi lomwe mwa magawo 100 a pansi pa nyanja, komabe mwa mitundu inayi iliyonse ya zamoyo za m'nyanja, umodzi umapezeka pamenepo.

2. Mankhwala aululu

Tinsomba ta m'korali nitochenjera. Tikaona munthu timathawira m'ming'alu. Kotero m'zaka za m'ma 1960 asodzi a ku Philippines adayamba kugwiritsa ntchito mankhwala aululu otchedwa cyanide. Msodzi amasinja mibulu ya mankhwalawo, naisungunula m'botolo la pulasitiki; akamira, amafinyira madziwo m'mng'alu. Nsomba imaledzera, monga zichitira nsomba za padziwe pamene anthu athirapo katupe, ndipo imagwidwa ndi manja. Ikakanirira m'kati, msodzi amaphwanya korali ndi chitsulo.

Nsomba zambiri zimafera pomwepo; zina zimafa pa ulendo, zina m'nyumba ya wogula. Koma choipa chachikulu chimatsalira m'madzi. Ululu ukakhudza korali, tinyama tija timataya ndere yake, thanthwe limayera mbee, ndipo kawirikawiri limafa. Chimene chidamangidwa zaka makumimakumi chiwonongeka m'mawa umodzi.

3. Alira ndani?

Oyamba kulira ndi asodzi omwewo. Korali akafa, nsomba za ndiwo zimasowa poswera ndi pobisala. Mafunde nawonso, posapeza chowatchinga, amakumba gombe. Msodzi amalandira ndalama zochepa pa nsomba imene kutsidya kwa nyanja igulidwa pa mtengo wokwera, ndipo nthawi zambiri mankhwalawo amawatenga pa ngongole kwa wogula nsomba yemweyo. Umphawi ndiwo umamiza munthu ndi botolo m'manja, koma botololo limangoukulitsa. Wapha tsiku lalero, wagulitsa mawa la ana ake.

4. Njira yabwino ilipo

Boma la Philippines lidaletsa kusodza ndi ululu mu 1975, nilibwereza lamulolo mu 1998. Koma dzikolo lili ndi zilumba zoposa 7,000, ndipo lamulo lokha silingalondere gombe lililonse. Chifukwa chake m'zaka za m'ma 1990 bungwe la Haribon lidaphunzitsa asodzi kugwira ndi maukonde. Msodzi amatchinga ukonde wa maso ang'onoang'ono pafupi ndi thanthwe, napirikitsira nsomba kumeneko, naitapa ndi kaukonde ka m'manja. Njirayi ifuna luso ndi kudekha, koma nsomba imatuluka yamphamvu ndipo korali satekeseka.

Akatswiri nawonso aphunzira kuswetsa mitundu ina pamtunda. Mu 2015, ku Hawaii, adakhoza kulera ana a nsomba yachikasu yotchedwa yellow tang, imene kale inkangotengedwa m'nyanja. Komabe mitundu yambiri ikugwidwabe kumatanthwe, kotero wogula ali ndi udindo wofunsa kumene nsomba yachokera ndi m'mene idagwidwira.

Nyanja ya Malawi ilibe korali, koma mbuna zake zimatumizidwanso kunja kukakhala m'magalasi omwewo, ndipo nazo zimadalira miyala ya kwawo. Phunziro lake ndi limodzi: nsomba ndi mudzi wake sizilekana, ndipo wopasula mudzi sadzapezanso nsomba.

Mafunso

1. Kodi korali amamangidwa ndi chiyani, ndipo amakula msanga bwanji?
2. Ululu wa cyanide umachita chiyani kwa nsomba ndi kwa korali?
3. Chifukwa ninji lamulo lokha silikwanira?
4. Kodi kuthira katupe padziwe kufanana bwanji ndi usodzi umenewu?