ZA MWEZI WOFESA ANYEZI M'DIMBA

Abale, chaka ndi chaka tiona pa misika ya Liwonde, Ntaja ndi Balaka anyezi wamng'ono wonga mazira a nkhunda, ndipo mwini wache amgulitsa pa mtengo wochititsa chisoni. Mukamfunsa, ati mbeu inali yoipa, kapena ati nthaka yatha mphamvu. Koma kawirikawiri cholakwa chiri pa mwezi umene anafesa.

Tiyambe tadziwa makhalidwe a mbeu iyi. Anyezi ayamba ndi kukula masamba, ndipo pambuyo pache ndipo atupa mutu. Mukadula mutu pakati muona mikombero. Mkombero uli wonse ndiwo tsinde la tsamba limodzi. Chotero wa masamba ambiri achita mutu waukuru, wa masamba anai kapena asanu achita kamutu. Ndipo anyezi sayembekeza kuti masamba akwane ai. Usana ufupika kufikira pa 21 June, pamenepo uyambanso kutalika. Ndipo pakudza kutentha kwa August ndi September anyezi aleka masamba nayamba kutupa, angakhale ali wakhanda. Nchito yache ya kukula masamba iyenera kutha m'nyengo ya chisanu.

Chifukwa chache fesani m'mwezi wa March kapena wa April, mvula irinkutha. Tidziwa kuti masiku amenewo manja ali ku munda, ena alonda mpunga, ena akonza nkhokwe, ndipo mtima uti, Ndiyambe ndakolola, za dimba ndiziona mu June. Apa ndipo ambiri atayika. Bedi lofesapo ndi laling'ono, masitepe awiri kapena atatu, ndipo munthu alikonza madzulo amodzi. Inu a ku chigwa cha Shire, ku Liwonde, ku Ulongwe ndi kufupi ndi Malombe, kumene kutentha kufika msanga, musapyole April. A kufupi ndi mapiri a Chikala akhoza kufikira kuchiyambi kwa May.

Kufulumira koposa kulinso ndi bvuto lache. Wofesa mu January mvula ya mphamvu imgwetsera mbande, ndipo zambiri zibvunda pa tsinde. Zotsalazo zikula kwambiri chisanu chisanadze, ndipo chikazigwira zina zitulutsa phesi la maluwa. Anyezi wotere ali ndi mtima wouma, ndipo sasungika.

Kumbukiraninso za madzi. Zitsime za m'madimba zichepa mu September ndi October, ndiyo nthawi imene wofesa mochedwa awafuna koposa. Ngakhale nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Nanga kachitsime ka pa dambo? Tizirombo tating'ono toyeretsa masamba a anyezi tichurukanso m'miyezi yomweyo ya dzuwa.

Kafesedwe kache ndi aka. Utsani bedi litukuke pang'ono kuti madzi asaime, nimuthire manyowa oola bwino, osati ndowe zaziwisi. Lembani timizere ndi chala, tosazama, totalikirana chikhato chimodzi. Fesani mosathithikana, kwirirani pang'ono, nimuphimbe ndi udzu wouma. Mbeu imera patapita masiku 7 kufikira 10, ndipo pomwepo chotsani udzuwo, mbande zingawonde. Mbeu ya anyezi sikhalitsa. Ya chaka chatha yambani mwaiyesa pa kansaru konyowa. Funsani mitundu yoyenera dziko lotentha, monga Red Creole, wofiira ndi wosungika, kapena Texas Grano, wamkuru koma wosakhalitsa m'nyumba.

Patapita masabata 6 kufikira 8, mbande zikanenepa kufupi ngati pensulo, ziokereni madzulo, dzuwa litapepa. Siyani masentimita 10 pakati pa mbande, ndi masentimita 30 pakati pa mizere, ndipo musazamitse; mizu yokha ndi tsinde loyera zilowe pansi. Wofesa mu March aokera mu May, nazula mu September. Mukaona makosi a anyezi afewa ndi masamba agwa pansi, lekani kuthirira, ndipo patapita sabata limodzi zulani, nimumuumitse pa mthunzi popita mphepo kufikira khungu lache lichita phokoso pomkhudza.