Tizilombo Timene Timayamba Tawerengana

Kodi kachilombo kopanda maso, makutu ngakhale ubongo kangadziwe bwanji kuti kali ndi anzake pafupi? Funsoli ndi loyenera kulifatsira, abale anga, pakuti yankho lake likukhudza kolera, matenda amene adapha anthu oposa 1,000 m'dziko mwathu muno m'zaka za 2022 ndi 2023.

Mabakiteriya amalankhulana ndi mankhwala. Aliyense amatulutsa timankhwala pang'ono m'madzi momwe akukhala, ndipo ali ndi tizigawo tomvera timankhwala tomweto. Akakhala ochepa, timankhwalato timangomwazika osamveka. Akachuluka, nato timachuluka mpaka aliyense azindikira kuti gulu lakwana, ndipo onse amasintha khalidwe nthawi imodzi. Mu 1994 akatswiri adatcha zimenezi quorum sensing. Makolo athu a m'khonsolo ya parishi akulidziwa bwino lamulo lotere: msonkhano suyamba anthu asanakwane.

Nkhaniyi idayambira pa mabakiteriya a m'nyanja ya mchere amene amawala mumdima. Mu 1970 Kenneth Nealson, Terry Platt ndi Woodland Hastings adaona kuti tizilomboti sitiwala tikakhala tochepa, timadikira titachuluka. Mtundu wina, Vibrio fischeri, umakhala m'thupi la kanyama ka m'nyanja ya ku Hawaii kotchedwa bobtail squid. Usiku kuwala kwawo kumafafaniza mthunzi wa kanyamako pamene mwezi ukuwala, kotero nsomba zolusa zimene zili pansi sizikaona. M'bandakucha kamalavula ambiri mwa iwo, otsalawo n'kuzima, kenaka n'kuswana tsiku lonse kuti madzulo akwanenso.

Kolera ndiye wandidabwitsa koposa, chifukwa amachita mosemphana. Vibrio cholerae akangolowa m'matumbo, adakali ochepa, ndi pamene amakakamira ku khoma la matumbo ndi kupanga poizoni amene amachititsa thupi kutaya madzi ndi mchere. Akamva kuti achuluka amaleka kupanga poizoniyo, amadzimasula, n'kutuluka ndi chimbudzi cha wodwala kukafuna munthu wina. Ndiye kuti kutsekula m'mimba kumene kukufooketsa wodwala, kwa iwo ndi galimoto la ulendo. Apa ndi pomwe ndidamvetsa chifukwa chake a zaumoyo salekerera pa nkhani ya zimbudzi ndi kuthira klorini m'madzi akumwa.

Mu 2007 gulu la Bonnie Bassler ku Princeton University ku America lidatulukira kapangidwe ka chizindikiro chachikulu cha tizilombo ta kolera, chotchedwa CAI-1. Ganizo lawo ndi lochenjera ndithu: kuwanamiza ndi chizindikirochi kuti akhulupirire kuti achuluka kale, aleke poizoni, achoke wodwala asanafooke. Njira imeneyi idakali m'manja mwa ofufuza. Pakadali pano wodwala kolera amapulumuka ndi madzi a mchere ndi shuga, kapena dilipi akafika msanga kuchipatala.