Tabuleti imadziwa pamene tili, koma sidziwa za matope

Werengani: Numeri 10:29-34

Tikamanyamuka ku Biwi kupita kukagona kutchire ndi achinyamata a Pathfinder, kapena kukachezera timipingo ta kumidzi, ulendo umayamba bwino. Timadutsa ku Chinsapo ndi ku Likuni tikuimba, wina atanyamula tabuleti yoonetsa njira. Mavuto amayamba phula likatha. Kulowera ku nkhalango ya Dzalanyama, kumalire ndi Mozambique, msewu ndi wafumbi, mphambano ndi zambiri, ndipo netiweki imabwera n'kuthawa.

Choyamba timvetse mmene chipangizochi chimagwirira ntchito. Kadontho kosonyeza pamene tili kamachokera ku masetilaiti a GPS, amene amazungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200. Tabuleti ikamva masetilaiti osachepera anayi, imawerengetsa malo athu, ndipo pa ntchito imeneyi sifuna bandulo. Chimene chimafuna intaneti ndi mapu enieniwo. N'chifukwa chake ena amaona kadontho kakuyandama pa chithunzi chopanda kanthu. Mankhwala ake ndi kutsitsiratu mapu a dera lonse tisanachoke mu Lilongwe. Google Maps imalola zimenezi, chimodzimodzinso OsmAnd, imene imagwiritsa ntchito mapu a OpenStreetMap, ntchito yomwe inayamba mu 2004 ndipo amaijambula ndi anthu odzipereka. Tionetsetsenso kuti tabuleti yathu ili ndi GPS, chifukwa ena mwa matabuleti opanda malo a simu alibe.

Chachiwiri ndi chisamaliro. Kuyatsa mapu ulendo wonse kumadya batire, choncho tchaja ya m'galimoto isatsale. Tabuleti yosiyidwa padzuwa kuseri kwa galasi imatentha n'kuzima yokha. Ndipo woyendetsa asaigwire: maso ake akhale pa maenje, ana ndi ngolo, wokhala pambali ndiye aziwerenga njira.

Chachitatu ndicho mutu wa phunziro lathu. Mapu amasonyeza mzere, koma sanena kuti mvula ya usiku wathawu yakokolola kamlatho, kapena kuti njira yachidule ikudutsa m'dambo. Mzere wooneka ngati msewu ukhoza kukhala kanjira ka njinga. Nthawi imene tabuleti imalonjeza nayonso imanyenga: ikati mphindi 40, m'nyengo ya dzinja akhoza kukhala maola awiri. Kwa ife Aadventisti nkhaniyi ndi yaikulu. Tikanyamuka Lachisanu masana tikudalira lonjezo la tabuleti, dzuwa likhoza kulowa, Sabata n'kutipeza tikukankha lole m'matope, ana a eni ake akunjenjemera pamwamba.

Apa Mose akutiphunzitsa. Aisraeli anali ndi mtambo wa Yehova wowatsogolera, komabe pochoka ku Sinai Mose anachonderera Hobabu, Mmidyani, kuti asawasiye, popeza iye ankadziwa malo oyenera kumanga misasa m'chipululumo. Mose sanaone ngati kufunsa munthu wodziwa dera ndi kuchepa chikhulupiriro. Ankadziwa kuti Mulungu amene amatsogolera kuchokera kumwamba ndi yemweyo amene amaika anthu m'mbali mwa njira.

Ife ophunzira timagwa msanga m'chiyeso chonyoza mayi wochokera kudimba kapena mnyamata wa kabaza chifukwa tili ndi chipangizo m'manja. Koma iwo ndi amene aona mtsinje m'mawa womwewo. Tiime, titsike, tipereke moni, kenako tifunse kuti, "Bambo, kodi galimoto yadutsa pamenepa lero?" Akatiuza kuti tizungulire, tizungulire, ngakhale tabuleti ikakamire. Madzi othamanga tisawoloke chifukwa chakuti mzere wa pa mapu wawoloka. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Moyo wauzimu ulinso chimodzimodzi. Mawu a Mulungu tiziwasungiratu mumtima nthawi ya mtendere, chifukwa tsiku la mavuto silipereka mpata wofufuza. Ndipo kudziwa malemba kusatichotse pakati pa abale ndi alongo amene anayendapo kale m'njira imene ife tikuiyamba kumene.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani Mose anafuna Hobabu pamene mtambo unalipo?
2. Ndi liti pamene tinakana uphungu chifukwa cha maonekedwe a woupereka?
3. Pa ulendo wotsatira wa gulu lathu, ndani atsitse mapu, ndipo tinyamuke nthawi yanji kuti Sabata litipeze titafika?