Mabwato a pa Chilumba cha Chisi

Kum'maŵa kwa mzinda wa Zomba kuli nyanja ya Chilwa, imene ndi yachiŵiri kukula m'dziko la Malaŵi. Munthu akayenda makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzindawo, amafika pa doko la Kachulu. Ataima pa dokoli amaona mapiri pakati pa madzi. Chimenecho ndicho chilumba cha Chisi, dera la Mfumu Yaikulu Mkumbira.

Pa chilumbachi pali midzi, minda ndi mitengo ikuluikulu ya malambe, koma palibe mlatho wofika kumtunda. Chotero bwato ndilo miyendo ya anthu a kumeneko. Sopo, shuga ndi malata zimaoloka pa bwato. Nsomba zokagulitsa ku msika zimaolokanso pa bwato. Ngakhale wodwala amene akufunika ku chipatala chachikulu cha ku Zomba amayamba ulendo wake pa bwato.

Makolo akale ankayenda pa mabwato osema. Amisiri ankagwetsa mtengo waukulu, nausema ndi nkhwangwa ndi nsompho kufikira utasanduka bwato. Litatha, amuna a m'mudzi ankathandizana kulikokera ku madzi, pakuti munthu mmodzi sakadatha. M'masiku a nkhondo ndi ukapolo, mabwato otereŵa adapulumutsa anthu ambiri amene ankathaŵira pa chilumba. Pamene David Livingstone ndi John Kirk adafika pa nyanjayi mu Epulo 1859, eni dziko adali atazoloŵera kale kuyenda pa madziŵa.

Patapita zaka, mitengo ikuluikulu idayamba kusoŵa, ndipo amisiri adaphunzira kukhoma mabwato a matabwa. Ameneŵa amanyamula anthu ambiri ndi katundu wochuluka. Pambuyo pake padafikanso mabwato a injini. Komabe nkhafi ndi nsungwi sizidatayidwe. Nyanja ya Chilwa ndi yosazama, choncho m'malo ambiri woyendetsa bwato amangoponda pansi ndi nsungwi yaitali, bwato nkumapita. Iye ayenera kudziŵa bwino tinjira ta m'kati mwa njedza, udzu wautali womera m'mbali mwa nyanja. Asodzi ena amamanga timisasa toyandama totchedwa zimbowera, nakhala momwemo masiku ambiri akupha matemba, makumba ndi milamba.

Nyanjayi ili ndi khalidwe lachilendo. Mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira madzi m'menemo, koma palibe mtsinje wotulutsa madziwo. Amangouma ndi dzuŵa, ndipo nchifukwa chake amamveka mchere pang'ono. Mvula ikachepa zaka zotsatizana, nyanja imaphwa. Zimenezi zidachitika m'chaka cha 1968 ndiponso cha 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idaumanso. Pa nthaŵi zotere mabwato amangogona pa dothi long'aluka, ndipo anthu amapita ku Chisi pansi. Nthaŵi yoŵaŵitsa ndi imene madzi achepa koma nthaka isanaume, pakuti bwato limatitimira m'matope ndipo munthu sangayendenso bwino. Pamenepo odwala amavutika, malonda amaima, ndipo njala imaloŵa m'midzi.

Komatu akuluakulu adati madzi saiŵala khwaŵa. Mvula ikagwa yokwanira nyanja imadzazanso, ndipo nsomba zimene zidabisala m'maiŵe a m'mitsinje zimabwerera kudzaswana. Apa mpamene anthu adatolapo phunziro. Nyanja itaphwa mu 1995, mafumu, asodzi ndi alangizi a boma oona za nsomba adagwirizana zoteteza maiŵe aja, naletsa kupha nsomba ndi katupe. Adaona kuti nsomba za m'maiŵe zikatha, nyanja idzabwera yopanda kanthu. Kuchokera pamenepo padakhazikitsidwa makomiti a m'madoko, osankhidwa ndi anthu eni ake. Makomitiŵa amayang'anira maukonde oyenera ndi kuonetsetsa kuti makoka sakuponyedwa pa nyengo imene nsomba zikuswana.

M'maiko ena anthu a pa zilumba amapanga mabungwe a ngalaŵa zamatanga pofuna kuchita mpikisano ndi kusangalala. Ku Chisi ndi ku Kachulu bwato si choseŵeretsa ayi. Anthu amagwirizana kuti nyanja ipitirize kuŵadyetsa iwo ndi ana ao. Nafenso tingathandize posadula mitengo m'mbali mwa mitsinje, chifukwa dothi lokokoloka ndilo limakwirira nyanja. Mukadzakwera bwato, musadzaumirire kuloŵa lodzaza kale, ndipo mudzamvere malangizo a woyendetsa.

Mafunso

1. Kodi chilumba cha Chisi chili m'nyanja iti?
2. Tchulani mitundu itatu ya mabwato imene yafotokozedwa m'nkhaniyi.
3. Chifukwa chiyani amisiri adayamba kukhoma mabwato a matabwa?
4. Kodi madzi a m'nyanja ya Chilwa amatha bwanji popeza palibe mtsinje woŵatulutsa?
5. Fotokozani mavuto amene anthu a ku Chisi amapeza nyanja ikaphwa.
6. Kodi mwambi wakuti "madzi saiŵala khwaŵa" ukugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?

Ntchito

Pangani ziganizo ndi mawu aŵa: doko, nkhafi, nsompho, kuphwa, dziŵe.