ZOTSEKEMERA ZA PA TSIKU LA ALONGO

Munthu akacoka ku Madzimoyo nalowa m'Chipata, aona masitolo ambiri a Amwenye. Makolo a anthu amenewa anayamba kufika m'caka ca 1905, pamene mzindawo unali kuchedwa Fort Jameson. Ambiri a iwo anacokera ku Gujarat, kumadzulo kwa dziko la India. Oyamba anali Asilamu, ndipo pambuyo pace anadzanso Ahindu.

Koma India ndi dziko lalikulu, la mitundu yambiri ndi zinenero zambiri. Kum'mawa kwace kuli dziko la Bengal, kumene mtsinje waukulu wa Ganges uthira m'nyanja. M'caka ca 1947 Bengal anagawidwa pawiri. Cigawo ca kumadzulo ciri m'India, ndipo mzinda wace waukulu ndi Kolkata. Cigawo ca kum'mawa ndico dziko la Bangladesh kuyambira 1971. Lero tiphunzira za mwambo wina wa Ahindu a ku Bengal wochedwa Bhai Phonta. Ahindu a ku Gujarat asunganso tsiku lomwelo, koma iwo alicha Bhai Bij.

Tsiku la mwambo

M'cinenero ca ku Bengal, bhai ndiye mlongo wamwamuna, ndipo phonta ndilo dontho. Tsikuli lifika kamodzi pa caka, m'mwezi wao wa Kartik, ndiye kuti mu Okutobala kapena mu Novembala, nthawi imene ife tiri kuyembekeza mvula yoyamba. Likhala tsiku laciwiri mwezi utakhala, atangotha madyerero a nyali ochedwa Diwali.

M'mamawa mkazi asamba, nabvala nsaru yabwino, koma salawa kanthu kufikira mwambo utatha. Mlongo wace akafika, amkhazika pa kamphasa, nayatsa nyali. Tsono atenga utoto wa mtengo wonunkhira wochedwa chandan, kapena mafuta a mkaka, kapena mwaye wa nyali, naika dontho ndi cala pa mphumi pa mlongoyo. Pocita izi anena mau opempha kuti imfa ikhale kutali ndi iye. Akazi ena aomba cigoba ca nkhono ya m'nyanja monga lipenga, enanso aimba nthungululu, monga momwe acitira amai athu pa cikwati. Mwa awiriwo, wamng'ono awerama nakhudza mapazi a wamkulu, ndipo wamkulu amdalitsa pomuika pamutu timbeu ta mpunga ndi timasamba ta udzu.

Zitatha izi mkazi abwera ndi mbale ya zotsekemera. Mlongo wace adya, napereka mphatso, kaya nsaru kaya ndalama. Apo mpamene mkaziyo adya nayenso.

Za m'mbale

Zotsekemera zambiri za ku Bengal azipanga ndi mkaka. Auwiritsa, nathiramo madzi a mandimu kuti udukane. Ausefa ndi nsaru, ndipo cotsala m'nsarumo ndi cinthu coyera cofewa cimene acicha chhana. Inu amene kwanu kuli ng'ombe mudziwa cambiko. Chhana afanana naco, koma ndi wouma pang'ono ndipo sawawasa.

Akakanda chhana ndi shuga, namtenthetsa pa moto wapang'ono, apanga sandesh. Amuumba m'tizikombole ta mtengo monga tiumbira njerwa, ndipo aturuka ndi maonekedwe a nsomba, a cipatso, kapena a nkhono. Pa nyengo imeneyi amisiri apanga sandesh amene pamwamba pace palembedwa dzina la tsikulo.

Akaumba chhana timibulu, natiphika m'madzi a shuga, apanga rosogolla. Anthu a ku Kolkata ati mmisiri Nobin Chandra Das ndiye anayamba kupanga rosogolla wofewayo m'caka ca 1868, ngakhale anansi ao a ku Odisha ati kwao analiko kale. Palinso khaja, wa ufa wa tirigu wokazinga ndi kubviika m'madzi a shuga. Mishti doi, ndico cambiko cotsekemera ca m'timiphika ta dothi. Ndi payesh, phala la mpunga wophikidwa mu mkaka.

Masana kukhala phwando la mpunga, nsomba, nyama ya mbuzi ndi timikate tokazinga tochedwa luchi. Anthu a ku Bengal sadya ndiwo zonse pamodzi iai. Mwambo wao ndi kuyamba ndi ndiwo zowawa, kenaka zamasamba, nsomba ndi nyama, ndipo zotsekemera zidza potsiriza. Cotero mlendo acoka pakhomo m'kamwa muli kuzuna.

Cifukwa cace nciani?

Ahindu ali ndi nthano yonena za Yama, amene iwo ati ndiye mwini wa imfa, ndi mlongo wace Yamuna. Ati Yama anakhala nthawi yaitali osakamuona mlongo waceyo. Tsiku lina anapita, ndipo Yamuna anamlandira bwino, namuika dontho pa mphumi, namphikira zokoma. Yama anakondwa, nalonjeza kuti mwamuna aliyense wodya kwa mlongo wace pa tsikulo adzadalitsidwa ndi moyo wautali.

Taonani kuti nthanoyi iyamba ndi mlongo amene analeka kuceza. M'menemo ndimo muli nkhani yonse. Ku Bengal, mwa mwambo wa makolo, mkazi akakwatiwa acoka kwao nakakhala kwa mwamuna, nthawi zina kutali ndithu. Ana amene anakulira m'nyumba imodzi angathe kukhala miyezi yambiri osaonana. Mkaziyo akadwala kapena akazunzika, adzamva ndani? Tsono mwambo uti: kamodzi pa caka, mwamuna iwe nyamuka, ukakhale pa mphasa ya mlongo wako, ukaone ndi maso ako m'mene akhalira.

Liu lakuti sandesh litanthauzanso uthenga. Dzinali nloyenera, pakuti mbale ija inena zimene pakamwa pacita nazo manyazi. Mkazi popereka ali kuti, sindinakuiwale. Mwamuna polandira ali kubvomera kuti tsiku la msauko sadzabisala. Ngati panali kamkangano, nkobvuta kusunga mkwiyo kwa munthu amene wakhala ndi njala m'mawa wonse kuyembekeza iwe.

Nanga kwathu kuno?

Ife tiribe tsiku lotere, koma cibale ca alongo ticidziwa bwino. Pakati pa Acewa ndi Ansenga, mwamuna ndiye ayang'anira alongo ace ndi ana ao. Amenewa ndiwo mbumba yace. Iye ndiye nkhoswe pa ukwati wao, ndiye aima pa mlandu, ndiye athamangirako pa matenda ndi pa maliro. Ana a mlongo wace amucha amalume kapena atsibweni. Pakati pa Angoni a Mpezeni, amene awerengera mtundu kwa atate, mlongo wa atate alemekezedwa, nachedwa atate aakazi.

Kulekana nakonso ticidziwa. Pa ukwati wa cikamwini mwamuna ndiye acoka, nakamanga kwao kwa mkazi, mlongo wace natsala pa mudzi. Ena apita ku nchito ku Lusaka kapena ku migodi ya ku Kitwe ndi Chingola, napita zaka osaponda kwao. Ana a mlongo asowa cobvala kapena mabuku a sukulu, amalume osadziwa. Makolo akamwalira, alongo amene analeka kuyenderana akangana msanga pa munda ndi pa mbuzi, cifukwa asanduka alendo.

Makolo athu anali nazo zotsekemera zao shuga wa m'sitolo asanadze. Anali ndi uci, misale, nzimbe, masuku, ndi thobwa wa cimera. Kufikira lero, mwamuna akafika kwa mlongo wace, amfunsa za ulendo, nampatsa cipanda ca thobwa nsima isanapse, ndipo kawirikawiri nkhuku igwidwa. Pobwerera amangira nthoci kapena cikondamoyo ca pa njira. Cipanda cimeneco cinena zomwezo zimene inena mbale ya ku Bengal.

Cotero cofunika si kucuruka kwa shuga. Wodya maswiti tsiku ndi tsiku aononga mano, ndipo mphatso yotumiza osafika mwini siona m'mene mlongo aliri. Akulu anati, cibale ndi fupa, siciola. Nzoona, koma njira yopita kwa mlongo ikaleka kupondedwa, imera udzu. Inu muli ana, mudya m'mbale imodzi ndi alongo anu. Zaka zirinkudza zimene wina adzakwatiwa, wina adzapita kutali. Yambani tsopano kugawana mpaka kacidutswa ka nzimbe, kuti pa tsikulo njira idzakhale yodziwika.

Mafunso

1. Amwenye oyamba anafika liti m'Fort Jameson, ndipo anacokera cigawo citi ca India?
2. Fotokozani zimene mkazi acita pa tsiku la Bhai Phonta.
3. Chhana apangidwa bwanji? Asiyana bwanji ndi cambiko?
4. Liu lakuti sandesh liri ndi matanthauzo awiri. Achuleni.
5. Mbumba nciani? Nchito za nkhoswe nzotani?
6. Funsani agogo anu zimene anali kuphikira alongo ao akadza kudzaceza, ndipo mulembe m'buku lanu.