Phunziro 6: Munthu akaonda cifukwa ca malungo

Malungo akagwira munthu mwamphamvu, kapena akamabwerezabwereza m'nyengo imodzi ya mvula, thupi limatha. Lamba amafika pa bowo limene sanali kufikapo, citenje cimazungulira m'ciuno kuposa kale, ndipo mwana amene anali kulemera pomubereka amapepuka kumsana. Mankhwala a Coartem amamwedwa masiku atatu okha, koma kuti thupi libwerere mwakale pamapita masabata, nthawi zina miyezi. Phunziro ili likunena za nthawi imeneyo, pamene wodwala watuluka m'cipatala ndipo onse pakhomo akuyesa kuti nkhani yatha.

N'cifukwa ciani munthu amaonda?

Tizilombo ta malungo timalowa m'thupi munthu akalumidwa ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles. Timayamba takhala m'ciwindi, kenaka timalowa m'maselo ofiira a magazi ndi kuwaphwanya. Kutentha kwa thupi kumadya mphamvu zambiri pa nthawi imene wodwala sakufuna cakudya, akusanza, mwina akutsegulanso m'mimba. Pamenepo thupi limayamba kudya mafuta ndi minofu yake yomwe. Magazi nawonso amacepa. Yang'anani zikhato, lilime ndi m'kati mwa cikope ca m'munsi. Ngati payera, magazi ndi ocepa, ndipo wodwalayo abwerere ku cipatala ngakhale thupi lisakutentha.

Khasu lidikire

Cimene mudzayamba kuona ndi kutopa. Munthu amene anali kulima kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa paliwombo amapezeka wakhala pansi atangotha mizere iwiri. Mtima umagunda kwambiri, cizungulire cimabwera akaimirira msanga. Umenewu si ulesi. Vuto n'lakuti malungo amaculuka m'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, nthawi yomwe munda ukufuna manja a aliyense. Ambiri amathamangira kukapalira asanalimbe, nadwalanso. Yambani ndi nchito zopepuka, pumulani dzuwa likakula, ndipo pemphani abale kapena anzanu a ku chalichi kuti akugwireniko dzanja. Mwana wa sukulu angathe kumaodzera m'kalasi kapena kumaiwala msanga. Auzeni aphunzitsi kuti anali kudwala.

Maso ndi pakamwa pa anthu

Kwathu kuno munthu akauzidwa kuti "mwanenepa" amakondwera, cifukwa timaona thupi lodzaza ngati cizindikiro ca umoyo ndi mtendere pa banja. Conco woonda amasenza katundu pawiri: kufooka kwa thupi, ndi manong'onong'o a ku cigayo ndi ku citsime. Ena amachula kaliondeonde, ena amati walodzedwa, ena amanena mkazi wake kuti sakumusamala. Pali anthu amene amaleka kupita ku msika kapena ku misonkhano poopa maso. Amayi ena amaleka kupita ndi mwana ku sikelo poopa kuti anzao amuona mmene waondera. Zimenezi ndiye zoopsa kwambiri, popeza ku sikelo n'kumene mwana woteroyo angathandizidwe.

Manong'onong'o musawasamale, koma thupi lanu lisamaleni. Malungo akatha, cilakolako ca cakudya cimabwerera ndipo thupi limayamba kudzaza pang'onopang'ono. Ngati papita mwezi mukudya koma mukuonderabe, musangoti ndi malungo aja. Kutsokomola kwa masabata awiri ndi kutuluka thukuta usiku kungakhale TB. Ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi kungakhale matenda a shuga. Kupimitsa HIV n'kwaulere m'zipatala za boma, ndipo mankhwala ake alipo. Munthu angathe kukhala ndi matenda awiri pa nthawi imodzi.

Pofuna kutseka pakamwa pa anthu, ena amagula mapilisi kapena mankhwala amadzi onenepetsa pa msika. Musatero. Ena mwa mankhwalawa amangotupitsa nkhope ndi mimba, nafooketsa citetezo ca thupi. Mowa nawonso subweza magazi.

Mbale ya wocira

Nsima yokha imakhutitsa, koma sibweza minofu. Wocira adye pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, m'malo modikira mbale yaikulu ya madzulo. M'phala thirani nshawa zosinja, dzira, mkaka kapena supuni ya mafuta ophikira. Pa ndiwo pakhale nyemba, kapenta, nsomba, soya, ciwindi cikapezeka, ndi masamba obiriwira monga bondwe ndi cibwabwa, makamaka zotendera nshawa. Mango, mapapaya, magwafa ndi malalanje zimathandiza thupi kutenga ayironi wa m'zakudya. Tiyi amacita zosiyana ndi zimenezi, conco musamwe pamodzi ndi cakudya. Ngati ku cipatala anakupatsani mapilisi oonjezera magazi, malizani onse. Cimbudzi cikada cifukwa ca mapilisiwo musadabwe.

Mwana woyamwa apitirize kuyamwa kawirikawiri. Wopitirira miyezi 6 mumuonjezere cakudya cimodzi pa tsiku kwa masabata osacepera awiri atacira, ndipo akhale ndi mbale yakeyake. Akamadyera pamodzi ndi akulu ake, iye amene ali wofooka ndiye amatsala ndi njala. Pitani naye ku sikelo mwezi uliwonse ndi khadi lake. Azaumoyo amapima mkono wa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5 ndi kalamba ka mitundu itatu. Kakasonyeza pofiira, ndiye kuti mkono sukufika masentimita 11.5, ndipo mwanayo afunika cithandizo tsiku lomwelo. Mapazi onse awiri akatupa musati wayamba kunenepa. Kumeneko ndi kupelewera kwa zakudya m'thupi.

Kudwala kamodzi sikuteteza

Banja limene laona malungo aakulu limasintha khalidwe. Neti imene inali m'cikwama imapacikidwa, ana amalowetsedwa m'nyumba kusanade. Koma mantha amatha msanga kuposa udzudzu. Thupi likangodzaza, kutentha kwa Okutobala kukafika, neti imapindidwanso. Ena amafika ponena kuti magazi ao anazolowera. Zoona zake n'zakuti malungo angakugwireni kangapo pa caka, ndipo mwana amene anagonekedwa cifukwa ca kucepa kwambiri kwa magazi amakhala pa ngozi yaikulu yodwalanso, ngakhale kumwalira kumene, m'miyezi 6 yoyamba atatuluka m'cipatala.

Conco wocira agone m'neti yonyikidwa m'mankhwala usiku uliwonse, m'nyengo iliyonse. Ngati maneti ndi ocepa, ayambe kugonamo ndi iyeyo, ana aang'ono ndi amayi apakati. Pisirani neti pansi pa mphasa kapena matilesi, sokani pong'ambika, ndipo mukaicapa yanikani pa mthunzi. Kumbukiraninso usiku umene simugona pakhomo: ku maliro, ku msasa wa asodzi, m'cisakasa ca kumunda. Neti imanyamulika. Opopera mankhwala m'nyumba akabwera atsegulireni, ndipo musazire kapena kupenta zipupa pambuyo pake.

Thupi likatenthanso, musamwe mapilisi otsala kapena a mnzanu. Pitani mukapimitse magazi pasanathe maola 24, ku kiliniki kapena kwa wazaumoyo wa m'mudzi mwanu. Akakupezani ndi malungo, imwani Coartem kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, pamodzi ndi mkaka kapena cakudya ca mafuta, mpaka mapilisi onse athe. Wodwala akakomoka, akamagwedezeka ngati wa khunyu, akamasanza ciliconse, akamapuma movutikira, akalephera kuyamwa kapena kukhala tsonga, kapena mkodzo wake ukada ngati tiyi wopanda mkaka, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.