Phunziro la mwezi uno: mwana wathu akayezedwa nzeru

Tisanayambe, mayi mmodzi awerengere gulu lonse 1 Samueli 16:1-13, ndipo tisunge nkhaniyo mumtima pamene tikuphunzira.

Pa msonkhano wina wa atsogoleri a magulu, mayi wina anatiwonetsa pafoni lipoti limene mwana wawo wokhala ku Britain anawatumizira. Mdzukulu wawo wa zaka 6 anamuyeza nzeru, ndipo pa lipotilo panali nambala 84. Agogowa poyamba anakondwa, poganiza kuti mwana wakhoza 84 pa 100. Usiku womwewo mayi a mwanayo anaimba foni akulira, ati mwana wanga ndi mbutuma. Awiri onsewa sanaliwerenge bwino pepalalo. Poti malipoti otere ayamba kufika m'manja mwathu, ena kuchokera kwa ana athu okhala kunja, ena kuchokera m'sukulu zolipira za m'tauni, tinawona kuti ndi bwino tiphunzire limodzi kawerengedwe kake.

Mayesowa, amene ambiri amangowatchula kuti IQ, anayambira ku France. M'chaka cha 1905 Alfred Binet ndi mnzake Théodore Simon anakonza mafunso ofuna kupeza ana a sukulu a ku Paris amene ankatsalira m'kalasi, kuti athandizidwe mwapadera. Binet mwiniwake ankakana maganizo oti nzeru za mwana sizingakule. Masiku ano akatswiri ambiri amagwiritsa ntchito mayeso a David Wechsler wa ku America. Otchedwa WISC anatuluka koyamba mu 1949 ndipo ndi a ana a zaka 6 mpaka 16. Ana ang'onoang'ono ali ndi awo, otchedwa WPPSI.

Choyamba kudziwa ndi ichi: nambalayi si malikisi. Pa mayesowa 100 satanthauza kukhoza zonse, koma kukhala pakatikati pa ana amsinkhu umodzi. Pa ana 100 aliwonse, pafupifupi 68 amapeza pakati pa 85 ndi 115. Pafupifupi awiri okha amafika 130 kapena kuposa, ndipo amenewa ndiwo amatchedwa amphatso yapadera. Enanso pafupifupi awiri amatsika pansi pa 70. Lipoti lolembedwa bwino limanenanso kuti nambala yeniyeni ikhoza kukwera kapena kutsika, kawirikawiri ndi 5 kapena cha pamenepo. Choncho mdzukulu uja wa 84 waima pakhomo penipeni pa gulu lalikulu la anzake. Panalibe cholulutira, panalibenso cholira.

Ife amayi sikelo timaidziwa. Mwana akayezedwa mwezi umene watsegula m'mimba, amapepuka, koma anamwino sagamula za moyo wake wonse tsiku limenelo. Amayang'ana mzere wa pakadi m'miyezi ingapo. Mayeso a nzeru ali chimodzimodzi, makamaka kwa mwana wosafika zaka 7. Ngati anagona ndi njala, ngati ali ndi chimfine, kapena akuopa mlendo womufunsayo, nambala imatsika. Ana athu timawaphunzitsa kuzolika pamaso pa akulu ndi kusayankha mothamanga. Ulemu umenewu, m'chipinda choyezera momwe mafunso ena amawerengera nthawi, ukhoza kulembedwa ngati kusadziwa.

Musathamangire nambala yaikulu ija. Pansi pake pamakhala manambala ena, ndipo ndiwo amanena zambiri: kumvetsa mawu, kuzindikira zithunzi ndi maonekedwe a zinthu, kulingalira pa chinthu chachilendo, kusunga zinthu m'mutu kwa kanthawi, ndi liwiro logwirira ntchito. Mwana akhoza kukwera kwambiri pa kulingalira n'kutsika pa liwiro. Mukaziphatikiza, mumapeza nambala yapakati imene siikunena zoona za mbali iliyonse, ngati munthu amene waika phazi lina pamoto lina m'madzi ozizira n'kumati akumva bwino. Pali ana anzeru ndithu amene kuwerenga kokha ndiko kumawavuta; zilembo zimawasokonekera ngakhale aphunzitsi atabwereza kangati. Vutoli amalitcha dyslexia, ndipo mayeso a IQ paokha salipeza. Pamafunika kuyeza kawerengedwe ndi kalembedwe. Ndiponso nambala yotsika pansi pa 70 siikwanira kunena kuti mwana ndi wolumala m'nzeru. Katswiri ayenera kufunsanso ngati mwanayo amadya yekha, amavala yekha, amasewera ndi anzake, amatumika. Mayankho a mafunso amenewa ali ndi ife, osati ndi pepala.

Tifunsenso kuti mayesowo anakonzera ana a kuti. Ambiri anakonzedwa m'Chingelezi poyerekeza ana a ku America kapena ku Britain. Mwana wolankhula Chichewa, Chiyao kapena Chitonga kunyumba akafunsidwa m'Chingelezi, chimene chayezedwa kwambiri ndi Chingelezi chake. Robert Serpell, amene anaphunzitsa zaka zambiri pa University of Zambia, anawonetsa zimenezi mu 1979. Anapatsa ana a ku Zambia ndi a ku England ntchito yotsanzira zithunzi. Pojambula ndi pensulo, a ku England anapambana. Popinda waya, a ku Zambia ndiwo anapambana, ndipo sitidabwa, ife amene timawona magalimoto a mawaya pabwalo tsiku ndi tsiku. Poumba, onse anafanana. Serpell yemweyo anafunsa akuluakulu a m'midzi ya Achewa ku Katete za mwana wanzeru, ndipo anapeza kuti kwa iwo kuchenjera pakokha sikukwanira. Mwana wanzeru ndi amene ungamutume n'kumukhulupirira. Kuno kwathu, mu 2010, Melissa Gladstone ndi anzake anatulutsa njira yoyezera kakulidwe ka ana aang'ono yotchedwa MDAT, imene imayang'ana kayendedwe, kagwiritsidwe ntchito ka manja, kalankhulidwe ndi kakhalidwe ndi anthu, pogwiritsa ntchito zinthu zimene ana a m'midzi mwathu amazidziwa.

Ana athu ambiri sadzayezedwa konse mayeso otere, komabe amagamulidwa. Chiweruzo chawo chimachokera pa kubwereza Sitandade 1 kawiri, ndi pa mayina amene timawaitana tikapsa mtima. Chichokereni 1994 pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, makalasi oyambirira amadzaza, ndipo mwana wokhala kumbuyo amene khutu lake limatuluka mafinya samva chimene aphunzitsi akunena. Wina sawona pabolodi. Wina anadwalapo malungo aakulu okomola, amene amasiya ana ena ndi khunyu kapena vuto losunga zinthu m'mutu. Kuchepa kwa magazi, kunyentchera ndi kusowa kwa ayodini m'chakudya nazonso zimabweza mwana m'mbuyo. Tisananene kuti mwana analodzedwa kapena anatengera kuchimuna, tipite naye kuchipatala akamuwone makutu, maso ndi magazi. Tifunsenso aphunzitsi aakulu ngati m'dera mwathu muli mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, monga amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi.

Nanga mwana akapeza 135? Apa ndi pamene ife makolo timalakwa mokondwa. Timamuimika pamaso pa alendo kuti awerenge, timamuchotsa pa ntchito zapakhomo, abale ake n'kumamutsukira mbale. Mwana wotere amafuna mabuku ndi mafunso ovutirapo, chifukwa akatopa ndi zobwerezabwereza amayamba kusokoneza m'kalasi. Koma akadali mwana wa zaka 6 amene amalira akagwa, ndipo kutumika ayenera kuphunzira ngati anzake.

Tibwerere kwa Samueli. Jese anabweretsa ana ake asanu ndi awiri, ndipo ngakhale mneneri anakopeka ndi msinkhu wa Eliabu. Davide sanaitanidwe n'komwe, anali kubusa. Taonani kuti amene anamusiya kunja sanali mdani, koma bambo ake omubereka. Gulu liime apa pang'ono, mayi aliyense adzifunse: m'nyumba mwanga, ndi mwana uti amene sindimuitana alendo akabwera?

Agogo aja tinawalangiza kuti auze mwana wawo abwerere kwa amene anayeza, akafunse zinthu zitatu: mbali imene mwana ali wamphamvu, mbali imene akuvutika, ndi chimene sukulu ichite chaka chino. Tisanakumanenso mwezi wamawa, mayi aliyense ayendere mwana mmodzi wa mumpingo amene akubwereza kalasi. Mukaime kumbuyo kwake, mumutchule dzina chapansipansi, muwone ngati atembenuke. Zimene mwapeza mudzabwere nazo ku gulu.